Zomwe Ndinaona m'Chitini cha a Gama

Ndikawakumbukira a Gama, chimayamba kundifikira ndi kulira kwa makina awo, kwiii-kwiii, kwiii-kwiii, komwe kunkadutsa mumpanda waminga n'kudzatipeza pakhonde tikusenda chinangwa, kenaka fungo la utuchi wotentha losakanikirana ndi kafungo kena kozuna komwe nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti n'kachiyani. Nyumba yawo inali yoyandikana ndi yathu, kumapeto kwa mudzi, pomwe njira ya ngolo inkakhotera kulowera ku Golomoti. Pakati pathu panali mpanda ndi mtengo wa bwemba basi. Koma ine ndi azing'ono anga tikatumidwa kumjigo tinkalolera kuzungulira kutali, kudzera kuseri kwa makola a ng'ombe, kuti tisadutse pakhomo pawo.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, sukulu itangokhala yaulere, ndipo ine ndinali mu Sitandade 4, ndili ndi zaka khumi. Bambo anali kuesiteti ya fodya, pakhomo tinali ndi amayi. A Gama anali atabwerako ku Bulawayo kumene anakhala zaka zambirimbiri, ndipo anabwera okha, opanda mkazi, opanda mwana, atangonyamula bokosi la zitsulo. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosayankhulayankhula. Akamagwira ntchito ankamanga kansalu kakuda kumphuno ndi kukamwa, n'kumangooneka maso okha, ofiira ndi fumbi. Dzanja lawo lamanja linalibe zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati. Anthu ankati zalazo anakazisiya kwa sing'anga wa kunja kuti ntchito yawo iziyenda.

Asemi ena a kwathu, amene ankayala katundu wawo m'mbali mwa msewu waukulu, ankatenga chipika chimodzi n'kusemamo njovu, mpando kapena mtondo. A Gama ayi. Iwo ankacheka matabwa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono ngati sopo wotsala pang'ono kutha: ta phingo takuda bii, ta mlombwa tofiira, ta malaina toyera. Ankatimata ndi guluu kuti tipange mkombero, n'kumanga ndi mphira za chubu cha njinga. Mikomberoyo ikauma ankaisanjikiza, waung'ono pansi, waukulu pamwamba, n'kumatanso. Chonsecho chikalimba ankachimangirira pamakina awo. Makinawo anapanga okha ndi gudumu la njinga, lamba, ndi chopondera cha makina osokera akalekale. Akamaponda ndi mwendo, chinthu chija chinkazungulira, iwo n'kumachipala ndi tchizulo mpaka chisanduke mbale yamawangamawanga ngati nkhanga.

Koma chimene chinkadabwitsa anthu sichinali mawangawo. Chinali kusalala kwake. Mbale ya a Gama ukaiyang'ana padzuwa inkathobwa m'maso, ndipo amene anaigwirapo ankati ngakhale utayendetsa chikhadabo sungapeze pamene kachidutswa kena kathera, kena kayambira. Asemi a kumsewu ankagula polishi wa nsapato n'kumatsuka katundu wawo ndi bulashi tsiku lonse, koma zawo sizinkafika pamenepo. Alendo a pagalimoto akaima, ankafunsa za mbale za mawanga. Ndiye tsiku lina msemi wina ananena pabawo, ife ana tikumva, kuti, "Mtengo paokha suwala choncho. Pali chimene amapaka mkulu uja."

Loweruka lina amayi atapita kumunda wa mpunga ku Bwanje, kambuzi kathu kanapeza poboola mpanda n'kulowa kwa a Gama. Ndinaima pampandapo nthawi yaitali ndikukaitana chapansipansi, koma kanalowerera. Ndinkaopa a Gama, koma ndinkaopanso amayi akabwera n'kupeza mbuzi palibe. Ndinagwada n'kukwawira pabowo lomwelo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali chisakasa cha udzu, ndipo ndinabisala pamulu wa zipika pafupi nacho. Zipikazo zinali za mlombwa wongodula kumene. Amene amaudziwa mlombwa akudziwa kuti ukaudula umatuluka madzi ofiira, okhathamira, ndipo apo anali atayenderera mpaka pansi n'kuuma. Ine ndinagwira ndi dzanja ndisanaone, ndipo nditayang'ana chikhatho changa, chinali chofiira ngati magazi.

A Gama anali atandifulatira pang'ono, mwendo ukuponda, mbale ikuzungulira. Inali yotuwa, yosaoneka bwino. Ndiye anatambasula dzanja lija la zala zitatu n'kutsegula chitini chadzimbiri cha mkaka wa ufa. Anatapamo chinthu chonona, chachikasu motuwirako, chonga mafuta a ng'ombe akazizira m'poto. Anachipaka pakansanza kakang'ono n'kukanikiza pambale ija ikuzungulira. Ndinaona ndi maso anga mbale yotuwa ija ikusintha: chakuda chinada kwambiri, chofiira chinafiira ngati chanyowa, ndipo kafungo kozuna kaja kanadzaza chisakasa chonse.

Kenaka makina anaima. A Gama anatembenuka n'kutsitsa kansalu kakumaso.

"Ukufuna mbuzi?" anatero ndi mawu osasa. "Ili kuseri uko. Bwera, dzera kuno."

Ndinathawa, ndinadzipanikiza pabowo paja mpaka minga inandisenda mwendo kuchokera pabondo kufika pakakolo. Madzulo ake tinapeza kambuzi kaja katamangirira pamtengo wa bwemba, mbali ya kwathu, ndi chingwe chomwe sichinali chathu.

M'mawa mwake kumjigo ndinakumana ndi Mada, mnzanga amene tinkakhala naye pamwala umodzi kusukulu. Ataona bala lapamwendo anafunsa, ndipo ndinamuuza kuti ndinalowa kwa a Gama. Atsikana ena onse anatula zidebe n'kutizungulira.

"Unalowa? Unaona chiyani?"

"Ndinaona chimene amapaka. Chili m'chitini."

"Ndi chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, chifukwa sindinkadziwadi. Koma ine ndinali mwana wosaoneka, wochedwa pothamanga, woluza pa fulaye, ndipo chibadwire anthu ochuluka choncho anali asanakhalepo chete kudikira mawu anga.

"Mafuta," ndinatero.

"A chiyani?"

"A anthu."

Mawu awiri amenewo anatuluka mosavuta ngati malovu. Wina anakuwa, wina anagwira pakamwa, ndipo pobwerera Mada anandisenzetsa chidebe n'kuyenda pambali panga njira yonse.

Pasanathe sabata ziwiri nkhani ija inandipeza kuchigayo, ikunenedwa ndi mayi amene sindinkamudziwa n'komwe. Inali itakula. Akuti mkulu wa mbale amafukula manda a ana, akuti pansi pa chisakasa chake pali magazi, akuti mwana wina analowamo n'kuona dzanja la khanda m'chitini. Amayi atamva anangoti, "Anthu asowa chochita," osadziwa kuti mwana wonenedwayo akudya nawo mbale imodzi. Ine ndinayamba kuchita mantha a mitundu iwiri. Ndinkaopa kuti a Gama adziwa mwamatsenga kuti ndawaulula. Ndipo popeza akuluakulu ankainena nkhaniyo motsimikiza, ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinanena zoona mwangozi. Makina aja akayamba kulira m'mawa, ndinkasiya phala osamaliza.

Tsoka linagwa nthawi yokolola mpunga, ngolo zikudutsa m'mudzi tsiku lonse zitasenza matumba. Mada anali ndi mng'ono wake wa zaka zitatu, dzina lake Tadala, kamwana konenepa kosakhazikika. M'mawa wa tsikulo anamuona akusewera panjira. Dzuwa litakwera, amayi ake anayamba kumuitana. Kenaka anayamba kuitana ndi anansi. Anthu anasuzumira m'zitsime, m'zimbudzi, m'nkhokwe, anyamata analowa m'bango kumtsinje akumenya ndi ndodo. Dzina la mwanayo linamveka mbali zonse za mudzi mpaka mawu a azimayi anasasa. Amfumu tsikulo anali kumaliro kumudzi wina.

Dzuwa lili paliwombo wina analiza wezulo. Sindikudziwa amene anayamba kutchula dzina la a Gama. Ndinangomva mapazi ambiri akubwera kumapeto kwathu kuno, ndipo ndinalowa m'khitchini n'kubisala kuseri kwa mtsuko. Kenaka ndinamva mawu a Mada panja, akulira, akutchula dzina langa: "Esinati ndiye anaona! Mufunseni Esinati!"

Amene anandikoka m'khitchinimo anali a Mwale, bambo ake a Mada ndi Tadala. Sanali munthu woipa. Ankatigawira nzimbe, ankaimba kwaya. Koma tsikulo milomo yawo inali yotuwa, ndipo dzanja lawo pamkono panga linkandifinya ngati fupa lithyoka. Amayi anatithamangira akukuwa kuti, "Mwana wanga mukupita naye kuti?" koma anthu anawatsekereza.

A Gama tinawapeza ataima pakhomo pa chisakasa, kansalu kali m'khosi, m'manja atagwira mbale yosamaliza ndi kachidutswa ka sandipepa. Aka kanali koyamba kuwayang'anitsitsa nkhope yonse pafupi. Anali okalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Pabwalo pawo panadzaza anthu, ena ndi mipini, ena ndi zikwanje zomwe ankasakira nazo mwana m'bango.

"Mwana wanga ali kuti?" anafunsa a Mwale.

"Sindinamuone, bambo," anayankha a Gama. "Ndamva kuitana, ndayang'ana kuseri kwangaku, mulibe. Lowani muone."

"Tiona kumene!" anakuwa wina kumbuyo.

A Mwale anandikankhira kutsogolo. "Nena. Unaona chiyani muno?"

Ndinayang'ana a Gama, iwonso anandiyang'ana. M'maso mwawo munalibe mkwiyo. Anangokhala ngati akudikira. Ndinkadziwa kuti ndikhoza kunena kuti ndinanama, ndipo mawuwo anali pakhosi. Koma ndinaona zikwanje, ndinaona nkhope za anthu amene tsiku lililonse ndinkawapatsa moni zitasanduka zachilendo, ndipo ndinaganiza kuti ndikati ndinanama, onsewa atembenukira ine. Mkodzo unayenderera m'miyendo mwanga mpaka pabala lija.

"Chitini," ndinanong'ona.

"Muli mafuta?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"A anthu?"

Ndinagwedezanso.

Mwala woyamba unachokera kumanzere. Unawamenya pamwamba pa diso, unamveka ngati dzungu lagwa padenga la nkhokwe, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono atagwirabe mbale ija. Zitatero anthu anakhamukira m'chisakasa. Ndinamva gudumu la njinga likuphwanyidwa ndi mpini, masipoko akulira. Mbale zomwe zinali pathandala anaziponya pansi, zina zinkagawanika momwe munadutsa guluu, tizidutswa takuda, tofiira ndi toyera n'kumwazikana m'fumbi. Wina anayatsa udzu wa denga.

Chitini chija anachipeza, koma palibe amene analimba mtima kuchigwira ndi manja. Mnyamata wina anachitola ndi khasu n'kutuluka nacho, anthu akupatuka, azimayi akubisa ana kumbuyo. Anachiponya pafupi ndi moto, chivindikiro chinavukuka, ndipo posakhalitsa zamkati zija zinasungunuka n'kuyamba kuyenderera pansi. Fungo linakwera, lozuna, lolemera, loposa la utsi.

Amayi anali atadutsa pakati pa anthu n'kundigwira paphewa. Ndinamva akukoka mpweya kawiri.

"Limeneli ndi phula!" anakuwa. "Anthu inu, phula la njuchi ili! Bambo anga ankafula njuchi kuphiri, ndakulira m'fungo limeneli!"

"Khalani chete, mayi! Mumadya naye limodzi eti?" anakalipa bambo wina.

Koma ena anali atanunkhiza nawo, ndipo ndinaona mipini ingapo ikutsika. Enanso sanafune kumva. Amuna awiri anali atawagwira kale a Gama miyendo akuwakokera kumoto, magazi atawaphimba theka la nkhope, iwo osakuwa n'komwe. Amayi anandisiya n'kukawagwira malaya kumsana, akukoka mbali yawo. Sindikudziwa kuti zikanatha bwanji.

Belu la njinga linalira panjira. Anali bambo wina wogulitsa tomato ku Golomoti, atatuluka thukuta, ndipo pakaliyala, atamangidwa ndi chitenje kuti asagwe, panali Tadala, akudya mandasi, masaya onse mafuta okhaokha. Mwanayo anali atakwera ngolo ya mpunga itaima panjira, n'kugona pakati pa matumba. Mwini ngolo anakamuzindikira akutsitsa katundu pamsika, ndipo wa tomatoyo ndiye anamudziwa kuti ndi wa kwa a Mwale.

Pabwalo panagwa bata, kunkangomveka udzu ukuthetheka. A Mwale anamasula mwana wawo, anamukumbatira, n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro. Kenaka ananyamuka naye osacheuka. Amuna awiri aja anasiya miyendo ya a Gama. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi ngati wataya singano. Palibe amene anati pepani. Amayi ndi wa tomato uja ndiwo anawakweza a Gama panjinga n'kuwakankha kupita nawo kuchipatala.

Amayi atabwerako sanandimenye. Ndinkafuna atandimenya. Anandiyang'ana, n'kundiuza kuti ndikasambe ndisinthe diresi, basi. M'mawa mwake nditasuzumira pampanda ndinaona njuchi zitadzaza pomwe panayenderera phula paja, zikuuluka pamwamba pa phulusa, ndipo aliyense wodutsa panjira ankaziona n'kufulumira.

A Gama anakhala kuchipatala sabata ziwiri. Anabwerako diso lamanzere litatsekeka osadzatsegukanso. Tsiku lotsatira amayi anaphika futali, anaika m'mbale, n'kundipatsa.

"Kapereke. Udzere pakhomo, osati pabowo. Ukakhale pansi mpaka amalize kudya."

"Amayi, akandi..."

"Pita."

Mtunda wochokera pakhonde pathu kufika pakhomo pawo ndi waufupi, koma chivindikiro cha mbale chinalira m'manja mwanga njira yonse. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa bwemba, pamiyendo pali mbale ija anagwa nayo. Inali yokhayo yomwe inapulumuka. Ndinagwada patali n'kukankhira chakudya kutsogolo. Anathokoza, anadya mwakachetechete, ine ndikudikira kuti ayambe. Atasamba m'manja anatola mbale yawo n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Diso latsala limodzi, nalonso likuona utsi," anatero. "Makina kulibe. Koma iyi siingakhale chonchi. Tasendera, undigwirire apa."

Ndinaganiza kuti ndi msampha. Ndinasendera chifukwa ndinkaopa kukana.

Kuyambira tsikulo amayi ankandituma ndi chakudya ndikaweruka kusukulu, ndipo ndinkakhala nawo pansi pa bwembapo. Ntchito yomwe pamakina ikanatha tsiku limodzi inatitengera pafupifupi mwezi. Tinayamba ndi sandipepa wokakala wochotsa mikwingwirima ya tchizulo ndi guluu wotuluka m'mizere. Ndinkafuna kukwecha mwamphamvu kuti ndithe msanga ndithawe, koma anandigwira dzanja.

"Pang'onopang'ono. Phingoyu ndi wolimba, malainayu ndi wofewa. Ukakanikiza, woyerayo akumbika, wakudayo atsala, mbale ikhala ndi mabampu ngati msewu wa ngolo."

Anandikulungira sandipepayo pakathabwa kuti azidya mitengo yonse mofanana. Ndikakwecha pang'ono ankandiuza kuti ndipukute ndi kansalu kouma, chifukwa fumbi la phingo likalowa mumtengo woyera silitulukanso, mbale imada ngati yagwera m'phulusa. Titamaliza ndi wokakala tinatenga wapakati, kenaka wosalala, ndipo sankalola kudumpha. Ndikati ndatha, ankayendetsa zala zawo zitatu zija mkati mwa mbale, nkhope atalozetsa kumwamba.

"Apa pakadali."

"Koma sipakuoneka, agogo."

"Usayang'ane. Khudza."

Ndinatsinzina n'kukhudza, ndipo kanalipodi, kamzere kochepa ngati tsitsi pomwe mlombwa unakumana ndi phingo. Sindikudziwa kuti ndinayamba liti kuwatchula agogo.

Tsiku lina anatenga kansalu konyowa n'kupukuta mbale yonse. Itauma inali yokakalanso ngati tsaya la munthu wosameta, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga poganiza kuti ntchito yonse yawonongeka. Iwo anaseka, koyamba kuwamva akuseka, n'kunena kuti madzi amadzutsa timaubweya ta mtengo tomwe tinagona, ndipo ndi bwino tidzuke lero tidulidwe kusiyana n'kudzadzuka m'nyumba ya mwini mbale. Tinakwechanso ndi sandipepa wakutha, wofewa ngati nsalu. Pomaliza anandipatsa utuchi wodzaza dzanja kuti ndizitikita nawo, ndipo mtengo unayamba kuwala wokha, tisanapake kanthu.

Za zala zawo anandiuza okha, ndisanafunse. Ali mnyamata ku Bulawayo ankagwira ntchito pamakina amagetsi. Popaka phula anakulunga nsanza kuzala kuti agwire bwino, nsanzayo inakodwa, ndipo makina sanaime. "Ndiye ukadzaona munthu akupaka pamakina, kansanza kazikhala kakang'ono, kogwira ndi nsonga. Kakakodwa kazipita kokha." Nkhani yonse inali imeneyo. Munalibe sing'anga.

Masiku onsewo mantha sanandichoke, anangosintha. Poyamba ndinkaopa kuti andichita choipa. Kenaka ndinayamba kuopa tsiku limene adzafunse. Akatsegula pakamwa ndinkati ayamba, koma ankangonena za mtengo. Anthu odutsa panjira ankatiyang'ana chammbali. Ena anayamba kuwapatsa moni mokweza kwambiri. A Mwale anatumiza thumba la mpunga kudzera mwa Mada, iwo osabwera. Mada analitula pakhomo n'kuthawa, ndipo ine ndi iye sitinakhalenso pamwala umodzi.

Kenaka kunabwera mphwawo wochokera ku Ntcheu, atamva zomwe zinachitika, n'kunena kuti sangawasiye pakati pa anthu otere. Anagwirizana zonyamuka Lolemba. Lamulungu masana a Gama anatulutsa kachigamphu ka phula komwe mphwawoyo anawabweretsera, anakasungunulira m'kachitini pamakala, n'kuthiramo mafuta a nsatsi pang'ono. Litayamba kugwirana anandisendezera.

"Nunkhiza."

Ndinanunkhiza. Unali uchi basi.

Anandionetsa kupaka pang'ono kwambiri, mozungulira, n'kudikira, kenaka kutikita ndi kansalu mpaka dzanja litenthe, popeza makina oti atenthetse kunalibe. Ndinatikita, mitundu ija inayamba kudzuka pansi pa zala zanga. Ndinadziwa kuti mawa kulibe.

"Agogo," ndinatero osadzutsa mutu, "za mafuta zija ndinayambitsa ndine. Kumjigo. Ndinanama."

"Ndikudziwa," anayankha. "Tsiku la mbuzi lija."

Ndinayamba kulira, misozi ikugwera m'mbale. Anailanda n'kuipukuta msanga ndi malaya, kenaka anandibwezera.

"Uli ndi zaka zingati?"

"Khumi."

"Khumi. Amene anaponya mwala uja ali ndi zidzukulu. Ndinamuona, diso linali lisanatsekeke." Analoza mbale ija. "Tikita, phula lisanaume."

Sananenenso china. Lolemba m'mawa ndikupita kusukulu ndinawaona akukwera ngolo yopita kumsewu, bokosi la zitsulo lili pamapazi, mbale ija ataikulunga m'malaya akale. Sanandipatse, ndipo sindinayembekezere kuti andipatse. Anakweza dzanja lija la zala zitatu, ine ndinakweza langa. Patapita zaka ziwiri tinamva kuti anamwalira ndi chifuwa. Pamalo pawo pano pali munda wa thonje wa anthu ena, ndipo kumudzi nkhaniyi sainena. Tadala ndi mayi wa ana anayi, sindikudziwa ngati anamuuzapo.

Ine ndine mphunzitsi tsopano, ndipo zinangochitika kuti kalasi yomwe ndakhalitsamo ndi Sitandade 4. Mpaka lero ndikamva wezulo ndi mapazi a anthu ambiri akuthamangira mbali imodzi, kaya ndi wakuba pamsika, kaya ndi mpira chabe, ndimafuna pokhala. Mwana akabwera kwa ine maso ali gwa, anzake atamuzungulira, n'kuyamba kuti, "Madamu, akuti agogo aja a kuseri kwa tchalitchi...", ndimasiya choko, ndimamutengera panja payekha, ndipo ndimamufunsa mofatsa chimene waona ndi maso ake, kenaka chimene wangowonjezera. Anzanga amati ndimatayira nthawi nkhani za ana.

Mawu a a Gama aja ndawasunga, ndipo masiku ena amandithandiza kupeza mtendere. Zoona, ndinali ndi zaka khumi, ndipo mwala sindinaponye ndine. Koma ana a zaka khumi ndimakhala nawo tsiku lililonse, ndimawadziwa bwino. Ndikudziwa kuti ngakhale akunjenjemera chotani, mwana wa zaka khumi amatha kupukusa mutu n'kukana.